KUSUNGA MPHAKA WAMANTHA MWINI WACE ALI PA CHUTI

 Nkhani yathu ya lero ndi ya mphaka, amene ena amucha cona ndipo ena amati pusi.

Munthu wa nchito akapatsidwa chuti, kapena kuti livu, mtima wace uthamangira kumudzi. Wa ku Kitwe amene kwao ndi ku Chipata ali ndi ulendo wa makilomita oposa 900, ndipo sangabwere msanga. Adzakhala milungu 2, mwinanso mwezi wathunthu. Katundu amangidwa, ana abvekedwa, nyumba itsekedwa, koma mphaka sakwera basi. Motero mwini wace agogoda pa khomo la mnansi nati, "Acimwene, mundisungireko mphaka wanga." Mnansi abvomera, pakuti mnzako akapsa ndebvu umzimira.

Amphaka ena sabvuta: ali yense wobwera ndi mbale ndiye bwenzi lao. Koma alipo ena amantha kwambiri, amene akangomva phazi la mlendo alowa pansi pa bedi osaturukanso. Mphaka wotere angathe kuleka kudya, kudwala, kapena kuthawa. Mwini akabwera napeza mphaka palibe, ana alira, makoswe abwerera m'nyumba, ndipo anansi amene anali kubwerekana mcere ayamba kulonjerana ndi nkhope zolimba. Zonsezi zingapewedwe. Mphaka wamantha asiyidwe m'nyumba yace yomwe, masiku ace ayende monga mwa kale, ndipo womsungayo asamkakamize cibwenzi, koma aone tsiku ndi tsiku kuti alikudya, alikumwa ndiponso alikukodza.

CIFUKWA NINJI MPHAKA AOPA?

Kuti timvetse mantha a mphaka tiyenera kuyamba ndi makolo ace. Mphaka wa m'nyumba ndi mbale wa bvumbwe, yemwe uja aba nkhuku kumudzi. M'caka ca 2007 akatswiri otsogozedwa ndi Carlos Driscoll anapima cibadwa ca amphaka pafupifupi 1,000, ndipo anapeza kuti amphaka oweta anacokera kwa mtundu wa bvumbwe wa ku maiko a Middle East. Pa cisumbu ca Cyprus anafukula manda a zaka 9,500 m'mene mphaka anaikidwa pafupi ndi munthu. Nthawi imeneyi ndi yaitali, komabe mtima wa bvumbwe ukalimo mwa mphaka kufikira lero.

Tsono bvumbwe akhala yekha, asaka yekha, ndipo ali ndi dera lace limene alidziwa bwino. Galu anacokera ku zirombo zoyenda m'magulu, cifukwa cace atsata mbuye wace kuli konse. Bvumbwe akapweteka alibe mnzace womsakira cakudya, ndiponso iye mwini afunidwa ndi ciombankhanga ndi nsato. Nzeru yace yodzipulumutsira ndiyo kuthawa ndi kubisala. Mphaka akabisala pansi pa bedi alikucita cimene cinapulumutsa makolo ace.

Makutu ace aonjeza mantha. Khutu la munthu limva mau onjenjemera kufikira ka 20,000 pa sekondi imodzi, koma la mphaka lifika ka 64,000. Ndi makutu otere amva kulira kwa khoswe m'denga pamene ife sitimva kanthu. Bingu la m'dzinja, kuphulitsa miyala ku mgodi, ndi zophulitsa za pa Krisimasi ndi Caka Catsopano zimbvutitsa koposa, ndipo nyengo imeneyi ndiyo imene ambiri apita kumudzi.

Nanga bwanji wina ndi wamantha, wina iai? Katswiri wa ku America, Eileen Karsh, anaonetsa kuti kamwana ka mphaka kazolowera anthu pakati pa mlungu wa 2 ndi wa 7 kacokera pa kubadwa. Kamene kanakulira m'chire kapena kuseri kwa msika popanda dzanja la munthu kadzakhala kocenjera ndi anthu moyo wace wonse. M'caka ca 1995 Sandra McCune anapezanso kuti ana a mphaka wamwamuna wolimba mtima amakhala olimba mtima, ngakhale sanaone atate wao. Cotero mantha ena ndi a cibadwa, ena ndi a kaleredwe, ndipo womsunga asaganize kuti adzawathetsa pa milungu 2.

NYUMBA YACE NDIYO MANKHWALA

Mwaona kodi mphaka alikukhuza tsaya lace pa mwendo wa tebulo kapena pa mphuthu ya citseko? Pa masaya, pa cibwano, pa mphumi ndi ku mapazi ali ndi timalo toturutsa pfungo limene mphuno ya munthu siimva. Pokhuza motero alikulemba kuti, "Pano ndi panga, palibe coopsa." Nyumba yonse iri ndi zilembo zotere, ndipo poyendamo aziwerenga ndi mphuno yace, mtima nukhala pansi.

Anthu ena amati mphaka akonda nyumba yokha, osati munthu. Si zoona kweni kweni. M'caka ca 2019 Kristyn Vitale ndi anzace a ku Oregon State University anayesa amphaka m'cipinda cacilendo, ndipo pafupifupi 65 mwa 100 ali onse anakhazikika mtima mwini wao atangolowa. Mwini akacoka, mphaka ataya cinthu cimodzi cacikuru. Tikamnyamulanso kupita naye ku nyumba ya mnansi, kumene kuli ana acilendo, galu ndi pfungo lina, timtayitsa zonse ziwiri. Mphaka wotere nthawi zambiri athawa kuti abwerere kwao, ndipo pa njira akumana ndi agalu ndi magalimoto.

Kusintha kwa zocitika za tsiku nakonso kudwalitsa. A ku Ohio State University anafalitsa m'caka ca 2011 zimene anaona pa amphaka 32. Pamene nthawi ya cakudya inasinthidwa, kapena wowasamala anasinthidwa, ngakhale amphaka a moyo wabwino anayamba kusanza, kukana cakudya ndi kukodza pa malo osayenera. Ici ndico cifukwa cace tinena kuti womsunga ndiye ayende kupita kwa mphaka, kawiri pa tsiku, pa nthawi imene mwini anali kumdyetsa.

Ngati sikutheka konse kuti atsale m'nyumba yace, apatsidwe cipinda cimodzi ca phee kwa mnansi, cotsekedwa bwino, pamodzi ndi zogonera zace, mbale zace ndi mcenga wace. Asaturuke m'menemo kufikira mwini abwera.

MWINI ASANANYAMUKE

Safunsa anadya phula. Pasanafike tsiku la ulendo, womsunga abwere kawiri kapena katatu mwini alipo, akhale pansi, aceze, ndipo iye ndiye aike cakudya m'mbale. Motero mphaka amva mau ace ndi pfungo lace pamene mtima ukali pansi. Asankhidwe munthu mmodzi, wamkuru ndi wodekha. Ana osinthanasinthana, lero uyu mawa uyo, aonjeza mantha. Inu a nchito ya mashifiti, onani ngati nthawi zanu zidzasintha mwini asanabwere. Ngati ndi tero, amai a kunyumba kapena mbale wina wamkuru azolowerane ndi mphakayo kale.

Mwini alembe pa pepala zinthu izi: cakudya cimene mphaka adya ndi muyeso wace, nthawi zodyera, malo amene akonda kubisala, dzina limene amuitana nalo, matenda ngati alipo, tsiku limene analasidwa katemera wa ciwewe, nambala ya foni ya kumudzi, ndi kumene kupezeka dotolo wa ziweto. Asiye cakudya cokwanira masiku onse ndi cina coonjezera, pakuti basi icedwa ndipo maliro sapangana. Asiyenso ndalama za kwa dotolo, kuti mnansi asazengereze poganiza za thumba lace.

Amai ambiri akonda kucapa ndi kukolopa zonse asanacoke. Ukhondo ndi wabwino, koma zogonera za mphaka zisacapidwe, cifukwa pfungo lace liri m'menemo. Mwini asiye malaya amodzi amene anabvala osawacapa, awaike pamene mphaka agona. Mankhwala onse a makoswe ndi a mphemvu acotsedwe. Mabowo a m'denga ndi a kuseri kwa kabati atsekedwe.

Mphaka wozolowera kuturuka ayambe kugona m'nyumba usiku mlungu umodzi mwini asanacoke, ndipo aphunzire kugwiritsa nchito mcenga wa m'beseni. Usana aturuke pa kazenera kace ka masiku onse. Madzulo akabwera kudzadya, womsunga atseke. Koma ngati ndi wamantha kwambiri kotero kuti sangalowe mlendo alipo, kuli bwino akhale m'kati masiku onsewo. Kumbukirani kuti nyumba ya malata yotsekedwa itentha ngati ng'anjo m'mwezi wa October. Pakhale zenera la waya lolowetsa mphepo.

MALO OBISALAMO

Mphatso yopambana imene mungapatse mphaka wamantha ndi katoni wamba. M'caka ca 2014 Claudia Vinke wa ku Utrecht University, m'dziko la Netherlands, anayesa amphaka 19 ongofika kumene ku malo osungirako ziweto zosowa eni. Amphaka 10 anapatsidwa bokosi lobisalamo, 9 iai. Pofika tsiku la 3 a mabokosi aja anali atakhazikika mtima, pamene anzao anatenga milungu 2 kuti afike pomwepo. Mphaka amene adziwa kuti ali ndi pothawira ndiye aturuka msanga.

Tengani katoni, mubooleni khomo ku mbali ziwiri, ikanimo nsaru yakale ya m'nyumba momwemo, ndipo muikeni pa ngodya ya phee. Wina muikeni pamwamba pa kabati, pakuti mphaka akonda kuona zinthu ali pamwamba. Lamulo lace ndi limodzi: mphaka akalowa m'menemo, dzanja la munthu lisalowemo. Musamkoke, musagwedeze katoni, musasunthe bedi kuti mumuone. Malo obisalamo akalowedwa kamodzi ndi dzanja, aleka kukhala malo obisalamo, ndipo mphaka afuna ena kunja.

POLOWA M'NYUMBA

Khomo ndilo ngozi yoyamba. Tsegulani pang'ono, lowani, tsekani pomwepo, ndipo poturuka yang'anani ku mapazi anu. Nsapato zolemera za nchito ndi cisoti ca mgodi zitsale panja. Ngati kwanu kuli galu, sambani m'manja musanabwere. Lankhulani ndi mau otsika kuti adziwe kuti ndinu, chulani dzina lace, ndipo citani nchito zanu mwa dongosolo limodzimodzi masiku onse: madzi, cakudya, mcenga.

Mukatha, khalani pansi mphindi 15 kapena 20, cammbali, patali ndi pamene abisala. Mungathe kuwerenga nyuzi ndi mau apansi. Musampenyetsetse m'maso, pakuti kwa amphaka kupenyetsetsa ndiko kuputa ndeu. Maso anu akakumana ndi ace, tsinzinani pang'ono pang'ono ngati munthu wa tulo, kenaka yang'anani kumbali. A ku University of Sussex, ku England, anaonetsa m'caka ca 2020 kuti amphaka amayandikira msanga mlendo amene awatsinzinira motere.

Akabwera yekha, tambasulani cala cimodzi kuti anunkhize, ndipo mlekeni asankhe. Akakhuza tsaya pa calaco, msisiteni pang'ono pa tsaya ndi pansi pa cibwano. Pamimba ndi kumcira musakhudze, ndipo musamnyamule. Thupi lace likuuzani zonse. Mcira woimirira ndi moni. Makutu ogona cambuyo, timwana ta m'maso totukuka, mcira womenya pansi, ubweya woimirira ndi phokoso longa la njoka zitanthauza kuti, "Cokani, ndaopa." Pamenepo bwererani m'mbuyo. Musamkalipire kapena kummenya, ngakhale wakodza pa mphasa. Mantha ndiwo acititsa, ndipo ndodo iwaonjeza.

Ena aturuka tsiku la 3, ena la 10, ndipo ena saonekera konse kufikira mwini abwera. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ngati mbale ikhala yopanda kanthu m'mawa ndipo mcenga wanyowa, nchito yanu iri kuyenda bwino ngakhale simunaone ndi mcira womwe.

CAKUDYA, MADZI NDI MCENGA

Mpatseni cimene anazolowera, pa muyeso womwewo. Masiku a mantha si masiku oyesera zakudya zatsopano. Dziwaninso kuti mphaka ndi nyama yodya nyama. Thupi lace lifuna cinthu cochedwa taurine, cimene cipezeka m'nyama ndi m'nsomba. M'caka ca 1987 Paul Pion ndi anzace a ku California anapeza kuti kusowa kwace kudwalitsa mtima wa mphaka. Mphaka amene kale anali kudya nsima pang'ono naonjeza ndi makoswe a panja, akatsekeredwa m'nyumba afuna nsomba kapena nyama tsiku liri lonse. Kapenta wouma mumbviike m'madzi kuti mcere ucoke. Ndiwo zotsala za anyezi kapena adyo musampatse, cifukwa ziononga magazi ace. Mafupa ophika a nkhuku athyoka nalasa pakhosi. Mkaka wa ng'ombe utsegula m'mimba amphaka ambiri akuru akuru. Madzi ndiwo cakumwa cao.

Mphaka afuna madzi okwana mamililita 50 pa kilo iri yonse ya thupi lace pa tsiku, kuwerengera ndi a m'cakudya. Wolemera makilo 4 afuna mamililita 200, ndiye kapu imodzi ya tiyi. Ikani mbale ziwiri za madzi pa malo osiyana, kuti imodzi ikatayika ina itsale, ndipo sinthani madziwo tsiku ndi tsiku.

Masiku oyamba ikani cakudya pafupi ndi pamene abisala, pakuti ambiri adya usiku nyumba iri zii. Cotsala ca dzulo tayani, cifukwa ca nchenche. Nyerere zikabvuta, khazikani mbale ya cakudya m'kati mwa mbale ina yaikuru ya madzi pang'ono. Ndipo kuti mudziwe ngati wadya ndi mphaka kapena khoswe, wazani ufa pang'ono mozungulira mbale. M'mawa mapazi adzakuuzani.

Beseni la mcenga likhale kutali ndi cakudya, pa malo obisika. Cotsani zonyansa tsiku liri lonse ndi fosholo yaing'ono, ndipo sambani ndi sopo. Mai wapakati asagwire nchito imeneyi, pakuti m'zonyansa za mphaka mungakhale kacirombo ka toxoplasmosis kamene kapweteka mwana wosabadwa. Poyeretsa, werengani. Mphaka wa moyo akodza kawiri kufikira kanai pa tsiku, ndipo apambuka pafupifupi kamodzi. Mcenga ndiwo kalata imene mphaka wobisala alembera womsunga.

ZIZINDIKIRO ZA NGOZI

Kubisala pa kokha si matenda. Koma pali zinthu zina zimene siziyenera kudikira mwini.

Coyamba ndi kusadya. Mphaka akatha tsiku lathunthu osalawa kanthu, yesani nsomba yofunditsa pang'ono kuti pfungo lace limveke, muike pakhomo pa katoni, muturuke. Akafika masiku 2 osadya, pitani naye kwa dotolo wa ziweto. Galu apirira njala masiku ambiri, koma mphaka akaleka kudya mafuta a m'thupi athamangira ku ciwindi nacitseka, ndipo matendawa apha, makamaka amphaka onenepa. Musanene kuti njala ikamuwawa adzadya yekha.

Caciwiri ndi kulephera kukodza, ndipo ici ndi coopsa koposa kwa mphaka wamwamuna. Njira yace ya mkodzo ndi yopapatiza, ndipo mantha angatupitse cikhodzodzo kufikira njirayo itsekeka. Mudzaona alikupita ku mcenga kawiri kawiri, alikudzikakamiza, alikulira, alikudzinyambita kumunsi, koma mcenga uli gwa, kapena pali timadontho ta magazi. Ambiri aganiza kuti wadzimbidwa. Njira ikatsekeka, impso zileka nchito ndipo mphaka angafe pa masiku 2 kapena 3. Pitani naye tsiku lomwelo.

Zina ndi izi: kupuma ndi kukamwa kotsegula, kusanza kobwereza bwereza, kutsegula m'mimba koposa tsiku limodzi, dobvu loturuka m'kamwa, kudzandira, ndi kugona osadzuka ngakhale mwayandikira. Kamkonono ka pakhosi kamene mphaka aliza akakondwa kasakunyengeni, pakuti alizanso akamva kuwawa.

Pomnyamula, mpfunditseni thaulo lokhuthala kapena bulangete, mumlowetse m'dengu la cibvundikiro kapena m'katoni wolimba wa tibowo ta mpweya, ndipo mangani ndi cingwe. M'manja mokha adzakukandani nathawa pa mseu.

MANKHWALA AMENE APHA MPHAKA

Cifundo copanda nzeru capha amphaka ambiri. Mbulu umodzi wa paracetamol, imene ambiri aidziwa ndi dzina la Panadol, ungathe kupha mphaka, cifukwa ciwindi cace cilibe mphamvu yosungunula mankhwalawa monga cicita ca munthu. Aspirin nayenso ndi woopsa. Musampatse mankhwala ali onse a anthu popanda mau a dotolo wa ziweto. Mankhwala ophera utitiri ndi nkhupakupa pa agalu, makamaka amene muli permethrin, agwetsa mphaka m'kunjenjemera ndi kukomoka. Mankhwala otsukira zimbudzi amene ayera ngati mkaka akathiridwa m'madzi ndi ululu kwa iye, pakuti aponda ponyowa nanyambita mapazi ace. Beseni la mcenga litsukidwe ndi madzi otentha ndi sopo basi.

AKATHAWA, KAPENA AKALUMA

Mphaka wamantha akapulumuka pa khomo sapita kutali. A ku University of Queensland, ku Australia, anafalitsa m'caka ca 2018 mbiri ya amphaka otayika oposa 1,200, ndipo mwa amene anapezeka, 75 mwa 100 ali onse anali m'kati mwa mamita 500 kucokera pamene anathawira. Abisala cete, ndipo ngakhale muitane sayankha. Musamthamangitse, ndipo musaitane gulu la ana. Funani madzulo ndi mbanda kuca, muli ndi toci, pakuti maso ace anyezimira. Suzumirani pansi pa magalimoto, m'ngalande, pa mulu wa njerwa kapena wa malata, m'khola la nkhuku ndi m'cimanga ca kuseri kwa nyumba. Ikani zogonera zace ndi cakudya pa khomo, musiye kazenera kotsegula.

Uzani anansi onse maonekedwe ace. Alipo anthu amene akaona mphaka wacilendo pa khomo usiku aganiza za ufiti natola miyala. Akadziwa kuti ndi mphaka wa a uje amene ali pa chuti, adzakuitanani m'malo mwa kumponya. Mwininso muuzeni pa foni tsiku lomwelo, pakuti iye adziwa malo amene mphaka wace akonda, ndipo mau oona onenedwa msanga asunga cibale.

Akakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, monga lilangiza bungwe la World Health Organization, ndipo pitani ku cipatala tsiku lomwelo. Mano a mphaka ndi osongoka ngati singano. Alowetsa tizirombo m'kati, bala nkutsekeka pamwamba, dzanja nkutupa. Ndiponso ciwewe si matenda a agalu okha. Cikaonekera mwa munthu sicicizika, koma katemera wolasidwa msanga aciletsa. Tengani pepala lija la mwini kuti a cipatala aone ngati mphakayo analasidwa, ndipo mphakayo ayang'aniridwe masiku 10.

MWINI AKABWERA

Inu eni amphaka, musadabwe ngati pobwera mphaka wanu akuthawani. Mwabwera ndi pfungo la basi, la utsi wa kumudzi, la matumba a nshawa ndi la nkhuku zimene agogo anakupatsani. Ikani katundu pansi, letsani ana kumthamangira, sambani, bvalani zobvala za m'nyumba, ndipo khalani pa mpando wanu wa masiku onse. Posacedwa adzabwera kudzakhuza tsaya lace pa mwendo wanu, kukulembaninso m'gulu la zinthu zace. Nkhuku zija zikhale panja.

Womsunga afotokoze zonse: masiku amene anadya bwino, amene sanadye, pamene anabisala, ndi ndalama zimene zinagwira nchito. Mwini naye asaiwale kuthokoza. Kuyenda kawiri pa tsiku kwa mwezi wathunthu, mvula iri kugwa, munthu atacoka ku shifiti ya usiku, si kanthu kakang'ono. Kathumba ka nshawa kapena ka mpunga wa ku Chama kayenera kulowa pa khomo limenelo. Ndipo ngati mphaka wamzolowera mnansi ameneyo, caka ca mawa mupemphenso yemweyo, cifukwa ulendo waciwiri udzakhala wopepuka kwa onse atatu.